Chaka Chimene Malume Sanalembe

Malume anga, a Siliveriyo, tinawaika mwezi watha, mitengo ya mapichesi itangoyamba kuchita maluwa. Tsiku losesa, akazi awo a Nangozo anandiitanira kuchipinda n'kukoka bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi.

"Tengani katundu wanu, aphunzitsi," anatero. "Ine ndakhala ndikusesa mozungulira bokosi limeneli kuyambira ndili mtsikana. Ndatopa nalo."

M'bokosimo munali makope a ana asukulu, omangidwa ndi luzi m'mitolomitolo, mtolo uliwonse chaka chake. Pakati pa mitoloyo panali kope limodzi losiyana ndi anzake, lalikulu, lachikuto chakuda. Limenelo ndinagula ndine. Lili pamalo pa chaka chimene malume analeka kulemba zapamudzi chifukwa ine ndinawaseka. Ndi chaka chomwecho chimene anamwalira mayi anga, a Rozina, mlongo wawo. Mpaka lero sitikudziwa kuti mwa manda awiri oyandikana, a mayi ndi ati. Ndafuna kuyamba ndatula nkhani imeneyi, chifukwa sindingathe kunena za malume ikundilemera pamtima.

Kwathu, kuseri kwa Bembeke, dzina loti Siliveriyo linkamveka kutchalitchi kokha. Wina aliyense ankawatchula a Makope. Sukulu analekera Sitandade 5. Ali mnyamata anagwirako ntchito kunazale ya mitengo ya paini kuphiri, kumene kapitawo anawapatsa ntchito yolemba tsiku lofesa ndi tsiku limene mbewu zamera. Ntchito inatha, chizolowezi chinatsala. Akaweruka kudimba masana ankakhala pachitsa cha bulugamu kuseri kwa nkhokwe, kope pabondo, n'kunyambita nsonga ya pensulo asanayambe. Ukawalankhula pa nthawi imeneyo ankangokweza chala chimodzi, osakuyang'ana, mpaka mzere uthe. Ngakhale ansembe anadikirapo chala chimenechi.

Zimene ankalemba zinali zotere: "Chisanu chagwa m'dimba la kumunsi, la kumtunda ayi. Kachewere wa a Luka wapsa masamba." Tsiku lina: "Nyemba za nanyati zamera patatha masiku asanu ndi limodzi, za kayera asanu ndi atatu." Tsiku linanso: "Chitsime cha pakatope chayamba kununkha matope. A Petulo adutsa ndi mtolo wa nsungwi, akutsokomola." Basi. Munalibe nthabwala, munalibe miseche, munalibe ngakhale maganizo awo. Mungawerenge mtolo wonse osadziwa ngati wolembayo anali wokondwa kapena wokwiya.

Maliro akachitika ankalembanso malo. Kwathu manda ndi nkhalango, ndipo munthu sangolowamo wamba ngati m'munda mwake. Mtanda wathabwa chiswe chimaudya mvula ziwiri zisanathe, mtumbira nawo umaphwa n'kufanana ndi nthaka. Tsono malume ankalemba dzina la womwalirayo, mtengo umene wayandikana nawo, mapazi angati kuchoka pamtengopo, kulowera mbali iti, ndi amene wagona kumanja ndi kumanzere kwake. Palibe anawatuma. Ankalemba za manda ndi dzanja lomwelo, ndiponso mtima womwewo, umene ankalembera za nyemba.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Anali wamakani ngati mbuzi yokana chingwe. Ndi a Nangozo ankakangana za mazira: mayiwo akapita pachisa ankapeza mbee, mazira apita kugolosale kukasintha ndi kope. "Anthu amakwatiwa ndi amuna, ine ndinakwatiwa ndi pensulo," ankatero a Nangozo pachitsime, mokweza kuti mphepo ikawafikitsire mawuwo kuchitsa. Ndi akatekisi anakangana chifukwa anawapempha kuti luso lawolo aligwiritse ntchito popeka nyimbo za kwaya. Malume anakana, nati za kumwamba zili nawo kale alembi ambiri, koma za dimba la kumunsi zilibe ndi mmodzi yemwe. Akatekisiwo anakhala mwezi osawapatsa moni.

Mkangano umene anthu amaukumbukirabe ndi wa a Mbalule. Amenewa anali mkulu wa gule, woimba ng'oma wotchuka mpaka ku Kasina, ndipo dzinalo analitengera kung'oma yawo. Atamva kuti Mkatolika wina akulemba za kumanda, kumene kulinso dambwe, anabwera ndi amuna atatu masana dzuwa likuswa mtengo.

"Inu a Makope, ndinu wosameta inu. Za kumanda mukuzilemberanji? Mukufuna kutigulitsa kwa azungu?"

"Tengani muwerenge," anatero malume, n'kuwapatsa mtolo wonse.

A Mbalule sankadziwa kuwerenga. Anaitana mphwawo wina wometa, wopitako kusukulu, nakakhala naye patali pansi pa mkuyu kuti akazi asamve zinsinsi. Anawerenga mpaka dzuwa kupendeka. Akuti mwa amuna atatu aja, awiri anagona tulo. Pobweza mtolowo a Mbalule anali akupukusa mutu.

"Kachewere, kachewere, nyemba, chifuwa cha a Petulo, kachewere! Munthu uyu alibe mlandu, anthuni, kungoti ndi wotopetsa." Atayenda pang'ono anatembenuka. "Koma ine ndikafa mundilembe bwino, mwamva? Mapaziwo muwerenge kawiri. Ana angawa ndi oiwala."

Kuyambira pamenepo awiriwa anakhala paubwenzi wotukwanizana, wina akuti mnzake ndi wachikunja, winayo akuti mnzake ndi kalaliki wa mbatata.

Anthu ankaseka makopewo, koma ankabwera. Chiwawu chikagwira kachewere ankabwera kudzafunsa kuti chaka chija chinayambira m'dimba la yani, mvula itagwa motani. Mlangizi wina wachinyamata anakhala masiku atatu pakhonde akukopera za chisanu. Koma ine amene sindimuiwala ndi mkazi wa a Petulo. Amuna ake atamwalira, anabwera n'kukhala pansi chapatali, nati sakufuna za mbewu, akufuna malume amuwerengere paliponse pamene pali dzina la mwamuna wake. Malume anatsegula makope a zaka zambiri. A Petulo adutsa ndi nsungwi. A Petulo afolera khitchini. A Petulo abwereka nkhwangwa, abweza. Mayi uja ankangoti, "Eya, ndi iwowo, ndi iwowo," misozi ili chuchuchu. Pamaliro anthu anali atalankhula zazikulu, zoti malemu anali mzati wa mudzi, koma mwamuna wake anakamupeza m'mizere ya nkhwangwa ndi nsungwi.

Wina akawauza kuti zomwe akulembazo analemba kale chaka chatha, malume ankayankha kuti munda suleka kulimidwa chifukwa unalimidwa chaka chatha. Ankakondanso kunena kuti zimene aliyense amadziwa ndizo zimayamba kutayika, chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake wasunga. Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri ndili mwana, ndipo ankangondidutsa ngati mphepo ya mu Juni.

Tsono ine. Nditamaliza maphunziro auphunzitsi ndinabwera kumudzi ndi nsapato zosongoka ndi mutu waukulu. Ndakatulo yanga imodzi inali itawerengedwa pawailesi, ndipo ndinkadziona ngati mlembi. Lamulungu lina titachoka ku Misa, anthu atadzaza pakhonde la malume, ndinatola kope lawo n'kuyamba kuwerenga mokweza ndi mawu a muulutsi wa nkhani. "Nkhuku ya a Nangozo yaswa anapiye asanu ndi awiri." Anthu anafa nazo kuseka. Ndinapitiriza, chifukwa kuseka kwa anthu kumaledzeretsa kuposa kachasu.

"Malume, izi aliyense amazidziwa," ndinatero. "Tsobola wakale sawawa. Mlembi weniweni amalemba zimene munthu wina sanalembepo. Inu dzanja muli nalo, bwanji osalemba nkhani yatsopano, yoti anthu adabwe?"

Amene anakangana ndi akatekisi, amene sanaope a Mbalule ndi amuna awo atatu, ndi ine sanalimbane. Anangondiyang'ana nthawi yaitali. Ndinali mwana wa mlongo wawo, woyamba m'banja lathu kufika kukoleji, ndipo nkhuku zambiri za a Nangozo zinathera pa sukulu yanga. Mawu anga ankawalemekeza kuposa mmene ankayenera.

"Ndiye kuti zonsezi n'zachabe, aphunzitsi?" anafunsa motsitsa.

"Si zachabe kwenikweni," ndinatero, "koma si zolemba."

Ndisananyamuke kupita ku Chitipa, kumene boma linanditumiza, ndinawagulira kope lachikuto chakuda lija ku Dedza. Ndinkaganiza kuti ndawachitira chifundo.

Mayi anamwalira mu Febuluwale wotsatira. Uthenga unandipeza mochedwa, misewu inali itaduka ndi mvula, ndipo ndinafika patatha masiku anayi ataikidwa. Sabata yomweyo anali ataikanso a Mbalule. Abale anandiperekeza kukaona manda mvula ikuwaza. Ndinaona mitumbira iwiri yofiira pansi pa msuku waukulu, wina anandilozera umodzi, ndinagwada n'kulira. Sindinayang'ane kuti ndi wakumanja kapena wakumanzere. Ndinalibe chifukwa chosamalira, popeza ndinkadziwa kuti malume alemba. Ine yemweyo amene ndinawauza kuti si zolemba.

Zaka zoposa khumi ndi zisanu zinadutsa. Chaka cha dzana, mlongo wanga Tereza, amene amagulitsa kabichi ndi tomato pa Linthipe, anati nthawi yakwana yomangira mayi chiliza. Tinagula simenti ndi njerwa, tinapeza mmisiri, tinapempha chilolezo kwa eni mudzi. M'mawa wina wozizira tinalowa m'manda: ine, Tereza, mmisiri, adzukulu awiri amene anatsala mwa omwe anakumba nawo, ndi a Jailosi, mwana wa a Mbalule, popeza mwambo umafuna kuti abale a woyandikana naye akhalepo. Malume ndinkawagwira dzanja. Ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri, ankangoona mbuu.

Msuku uja panalibe. Unagwa ndi mphepo kalekale, anthu n'kuuwaza nkhuni za pamaliro ena. Mitanda inatha ndi chiswe. Tinapeza timitunda tiwiri tophwa, tomera udzu wofanana. Mdzukulu mmodzi anati a Rozina ali chakum'mawa, akukumbuka bwino chifukwa anakumana ndi muzu pokumba. Mnzake anati muzuwo unali m'manda a a Mbalule, ndipo anali wokonzeka kulumbira. Anayamba kukwezerana mawu mpaka wina anawakumbutsa kumene tinali.

A Jailosi ndi munthu waulemu, koma analankhula mosapita m'mbali. "Abale anga, chiliza mangani, palibe akukuletsani. Koma mukaika mtanda wa simenti pa bambo anga, munthu wa gule, ndiye kuti mwawabatiza ali m'manda. Iwo sanafune ali moyo. Akadzatifunsa kutulo tidzayankha chiyani?"

"Nanga ife?" anatero Tereza. "Tizidzagwada pa a Mbalule n'kumati amayi, amayi, iwo ali pambali pomwepa opanda kanthu pamutu?"

Tonse tinatembenukira kwa malume. Anasiya dzanja langa, nayenda okha ndi ndodo, akugogoda nthaka. Anaima pakati pa manda awiriwo.

"Rozina ali kumanja kwanga," anatero. Kenaka anatembenuka. "Ayi. Tinalowera uku tsiku limenelo, osati uko. Msuku uli kuti?"

"Unagwa, malume."

Anatambasula dzanja m'malere, pamene ankaganiza kuti pali thunthu la mtengo. Milomo yawo inkayenda, akuwerenga mapazi kuchokera pamtengo umene kulibe. Kenaka anati, "Aphunzitsi, kanditengereni kope. Chaka chimene munapita ku Chitipa."

Ndinathamanga kumudzi mtima uli m'malo. A Nangozo anandithandiza kumasula mitolo. Wa chaka cham'mbuyo unalipo, wa chaka chotsatira unalipo, ndipo pakati pake panali kope lakuda lija lokha. Ndinalizindikira, koma ndinadzinamiza kuti mwina analembamo zonse. Ndinabwerera nalo osalitsegula.

"Werengani," anatero malume.

Ndinatsegula tsamba loyamba, ndipo pamaso pa anthu onsewo, pakati pa akufa, ndinawerenga: "Kunali munthu wolemera kwambiri mumzinda wa Blantyre, dzina lake Bwana Jemusi. Iye anali ndi magalimoto atatu ndi nyumba yosanja."

Ndinaima. Ndinatembenuza masamba mofulumira, kufuna dzina la mayi. Bwana Jemusi akwera ndege. Bwana Jemusi akumana ndi mkazi wa ku Ulaya. Masamba ambiri anali ofufutidwafufutidwa mpaka kubooka. Malume sanafikepo ku Blantyre moyo wawo wonse, ndege ankangoziona m'mwamba. Chaka chathunthu anakhala pachitsa chija akulimbana ndi munthu amene sankamudziwa, kuti akondweretse ine. Nkhaniyo inathera pakati pa chiganizo. M'kope lonselo munalibe chisanu, munalibe nyemba, munalibe Rozina, munalibe Mbalule.

Palibe anaseka. Ndikanakonda akanaseka. Mmisiri anatola zida zake mwakachetechete. A Jailosi anayang'ana pansi, nati, "Bambo ankanena kuti a Makope adzawalemba." Sananene mokwiya, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri.

Malume anakhala pansi pomwepo, pa udzu wonyowa ndi mame, munthu amene sankalola kuti thalauzi lake ligunde dothi. Sindinawaonepo akulira, ngakhale tsiku limenelo sanalire. Anangoti, "Ndamutaya mwana wa amayi."

Pobwerera ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Inu munalankhula za ubwana, aphunzitsi. Wamkulu ndinali ine. Tsiku loika Rozina pensulo inali m'thumba. Ndinati, mlongo wanga weniweni ndingamuiwale bwanji? Aliyense akudziwa pamene wagona." Anayenda pang'ono. "Mwaona? Nanenso ndinatero."

Akanandikalipira mwina bwenzi nditapepukidwa. Anagawana nane mlanduwo ngati chinangwa, iwo n'kutenga mbali yaikulu, ndipo mbali yanga yaing'onoyo mpaka lero sinatsike pakhosi. Tereza sanandilankhule miyezi inayi. Ena anati tipite kwa sing'anga akaombeze, malume anakana, nati sangaike mlongo wawo pa maula. Zofukula palibe anayerekeza n'komwe kuzitchula. Matumba a simenti anakhala m'khitchini mwa Tereza mpaka anauma gwa.

Ndimadzifunsa kuti chatsopano chimene ndinkachifuna chija chinali chiyani. Ndakatulo yanga ya pawailesi ija inkanena za ufulu ndi nyenyezi, ndipo lero ngakhale mwini wakene sindikumbuka mzere umodzi. Ndinapeka zina zambiri, chilichonse ndikuyesetsa kuti chisafanane ndi cha munthu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anagogodapo pakhomo panga kuti ndimuwerengere. Malume analemba mvula yomweyomweyo zaka makumi anayi, osadandaula kuti wina analembapo kale za mvula, ndipo anthu ankayenda mtunda kudzaifunsa. Chaka chimodzi chokha anayesa kudabwitsa anthu, ndipo ndi chaka chokhacho chimene chinatayika.

Bwana Jemusi atawakanika, anabwerera ku makope a ana asukulu osauza munthu. Mzere woyamba wa mtolo wotsatira umangoti, "Mvula yayamba Lachitatu, yamphepo." Analemba mpaka maso atakana. M'miyezi yawo yomaliza, popeza ndinali nditasamutsidwira kusukulu yapafupi, ndinkabwera Loweruka lililonse pa njinga, ndipo asanandifunse za ana ankandifunsa ngati chisanu chagwa kumunsi. Ndikayankha ankati ndilembe. Tsiku lina ndinalemba kuti chisanu chayala bulangete loyera m'dambo. Nditawawerengera anakwinya nkhope.

"Bulangete la yani? Fufutani. Lembani kuti chagwa, m'dimba la yani, ndipo chapsereza chiyani. Wobwera m'mbuyo sadzafuna kudziwa kuti munali wanzeru."

Ndinafufuta.

Tsiku lowaika, adzukulu atamaliza kuumba mtumbira, ndinatsalira. Ndinayeza mapazi kuchoka pamtengo wa muwanga umene unali pafupi, ndipo poopa kuti nawonso udzagwa, ndinayezanso kuchoka pamwala wosongoka umene uli chakumpoto. Ndinalemba amene ali kumanja ndi amene ali kumanzere. Anthu ena ankandiyang'ana, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti a Makope asiya mbewu. Sindinachite manyazi, kapena ndinene kuti manyazi amene ndili nawo ndi a zina.

Tisanatuluke, Tereza anandikoka malaya, ndipo tinapita kwa mayi. A Jailosi anatitsatira. Tinagwirizana chaka chatha kuti manda awiriwo tizilambula pamodzi, banja lawo ndi lathu, popanda mtanda, popanda chizindikiro cha gule. Udzu tinazula, masamba tinasesa, ndipo timitunda tiwirito tinaoneka bwino, tofanana ngati mapasa. Pakati pake pali kampata kopapatiza, kokwana munthu mmodzi, ka dothi lolimba limene khasu silinakumbepo. Tereza anayala chitenje pamenepo, popeza ndi pokhapo pamene sangalakwire munthu. Anagwada, ine ndinagwada kumbuyo kwake, a Jailosi anaima chapatali atavula chipewa. Tereza anatulutsa korona, nayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere, kenaka anaweramitsa mutu n'kuyamba kupemphera akuyang'ana pansi pakati pa mawondo ake, pamene sipanagone munthu.